Komiti Yokana Kupusitsidwa ndi Mphete Ziwiri

M'dziko lina, kuseri kwa phiri limene olemba mapu anaiwala kulipatsa dzina, kunali mudzi umene anthu ake analumbira kuti sadzapusitsidwanso.

Lumbiroli silinagwe kumwamba. Chaka chimene mafoni anachuluka m'mudzimo, kunachulukanso anthu okoma mtima osaoneka nkhope. Wina ankaimba kuti mwapambana njinga yamoto pa mpikisano umene simunalowe n'komwe. Wina ankati ndi dokotala, mwana wanu wa ku tauni wagundidwa ndi galimoto, tumizani ya magazi msanga. Anthu anatumiza, analira, kenako anachita zimene mudzi uliwonse wodzilemekeza umachita ukagwa m'mavuto. Anakhazikitsa komiti.

Dzina lake lonse linali Komiti Yaikulu Yoona za Kusapusitsidwa kwa Anthu ndi Ziweto. Ziwetozo anangoziwonjezera kuti dzina lilemere. Wapampando wake anali a Zakeyu Mtambalika, amene kale anali kalaliki ku esiteti ya fodya. Anasankhidwa popanda wopikisana nawo, pakuti pa nkhani ya kuberedwa panalibe wodziwa zambiri kuposa iwo. Ena amati anawabera kasanu ndi kawiri, koma kumeneko n'kukokomeza. Kanali katatu basi, ndipo wachitatuyo anali woyamba yemwe uja, atangosintha mawu. A Mtambalika ankayenda ndi kafoni kamabatani. Mafoni amakono opalasa ndi chala aja sankadziwa ngakhale pozimitsira pake, choncho gulu la mudzi la pa Watsapu linkayendetsedwa ndi Mai Ferista Kalimbuka, Mlembi Wamkulu wa Zokayikitsa, amene ankawerengera komiti mauthenga onse mokweza.

Ntchito ya komitiyi inali yosavuta chifukwa cha chinthu chimodzi. Netiweki m'mudzimo inkapezeka malo amodzi okha, pachulu cha kuseri kwa chigayo. Komiti inaikapo benchi, ndipo kuyambira pamenepo palibe anaimbanso foni yachinsinsi. Malamulo analipo ambiri, koma onse anali ana a lamulo loyamba, limene ngakhale osadziwa kuwerenga analiloweza: nambala yachilendo sitiyankha.

Tisawanamizire anthu a m'mudzimo kuti sankakhulupirira aliyense. Pakati pawo ankadziwana bwino. M'mudzimo simunkatayika kanthu. Khasu loiwalika kudimba linkapezeka mawa lake lili ndi mpini watsopano ndiponso mwini watsopano, wolumbira kuti anamusiyira ndi malemu bambo ake. Kumeneku sankakutcha kuba. Ankati kutola, ndipo wotola ankathokoza Mulungu pa Sabata. Motero akamva kuti kwinakwake munthu wabweza chinthu chimene anatola, sankafunika umboni kuti adziwe kuti ndi bodza. Ankangofunsa mitima yawo.

M'mudzi womwewo munali a Welosi Kamtedza. Kwa zaka makumi awiri a Welosi anali munthu amene ankapezeka m'ngalande m'mawa, ndipo kwa zaka zinayi zotsatira sanalawe dontho la mowa. Mudzi unkakumbukira makumi awiriwo. Zinayizo unkaziona ngati tchuthi. Amene anayesa kuwakhulupirira anali mlongo wawo yekha, Mai Edina, amene mwana wawo Sungeni ankakwatiwa Loweruka ndi mnyamata wa tsidya lina la mtsinje, dzina lake Lonjezo. Mai Edina anaumirira kuti achimwene awo ndiwo akhale nkhoswe, ndipo pofuna kuonetsa akuchimuna kuti munthu amasintha, anapempha kuti a Welosi ndiwo akatenge mphete zaukwati kwa wosula mumzinda.

A Welosi anapita Lolemba, anatenga mphete, anaziika m'kachikwama kawo kofiirira pamodzi ndi khadi la ukwati, nakwera minibasi yodzaza mabelo a kaunjika. Atatsika kuti akwere ina, anapapasa m'thumba n'kupeza nsalu yokha.

"Achimwene," anatero Mai Edina atamva nkhaniyo, "ngati munamwera ingonenani, tidziwe polira."

"Achemwali, ndinunkhizeni."

"Mowa wa masiku ano ena sununkha."

Akuchimuna anatumiza mawu aulemu kwambiri. Anati iwo alibe mangawa ndi munthu, koma mphete zikapanda kuoneka pofika Loweruka, ukwati uyamba wadikira, chifukwa mwana wawo sangalowe m'banja limene nkhoswe yake imameza zitsulo.

Lachiwiri foni ya Mai Edina inalira pachulu kasanu ndi kanayi. Nambala inali yachilendo. Mai Edina anaiyang'ana ikulira mpaka kusiya, ndipo komiti inawayamikira chifukwa cha kulimba mtima.

Lachitatu m'gulu la pa Watsapu munalowa uthenga umene m'bale wa munthu wina anauona pa Fesibuku. Mai Ferista anaimirira pachulu, anakonza kukhosi, nawerenga:

"Ine ndine Felesiya Nyasulu, ndimagulitsa kaunjika. Lolemba pomasula belo langa ndinapeza kachikwama kofiirira katakodwa m'chingwe. Muli mphete ziwiri ndi khadi la ukwati wa Sungeni ndi Lonjezo. Nambala ya pakhadipo sakuyankha. Mwini wake andiimbire pa nambala ili m'munsiyi, atchule kanthu kena kamene kali m'katimo, ndimubwezere. Chonde falitsani, ukwatiwu ndi wa Loweruka."

A Welosi, amene anakhala pansi kumbuyo kwa anthu, anadzambatuka. "Ndi changa chimenecho! A Tcheya, ndi changa!"

"Khalani pansi, a Kamtedza," anatero a Mtambalika. "Chakudza sichiimba ng'oma. Mlembi, mayiyo akufuna zingati?"

Mai Ferista anawerenganso. "Sanatchule, a Tcheya."

Panamveka kung'ung'udza. A Mtambalika anavula magalasi pang'onopang'ono monga munthu amene waona zimene ankaopa.

"Ine ndakumana nazo mbava zamitundumitundu," anatero. "Yopempha zambiri ndi yophunzira kumene. Yopempha zochepa ndi yozolowera. Koma yosapempha kanthu, abale anga, imeneyo ndiye mphunzitsi wa zinzake."

"Koma akungofuna nditchule chimene chili m'kati," anatero a Welosi.

"Ndi pomwepo! Lero akufunsani za m'kachikwama, mawa akufunsani dzina la agogo anu, mkuja nambala yachinsinsi. Chinsinsi sichituluka pachulu pano. Ngati ndi woona, anene iyeyo."

Komiti inalamula mlembi kuti alembe choncho. Yankho la Mai Nyasulu linabwera msanga. Anati iwo akanena okha, ndiye kuti aliyense angathe kudzati kachikwamako n'kake, ndipo anthu atatu anali atawaimbira kale, mmodzi ati muli unyolo, wina ati muli makiyi a galimoto.

"Mwamva?" anatero a Mtambalika. "Akutikayikira. Munthu wokayikira anzake amakhala ndi chimene akubisa."

Onse anagwedeza mitu, ndipo palibe anaseka.

Komiti inapempha chithunzi cha mphetezo. Chinabwera. Komiti inagamula kuti zithunzi masiku ano amapanga pa kompyuta. Inapempha kumva mawu a mayiyo. Anabwera mawu odekha, opereka moni kwa akuluakulu onse ndi mafuno abwino kwa mkwatibwi. Komiti inagamula kuti ulemu wotere suchokera mumtima, munthu amachita kupita kusukulu. Mai Nyasulu anati akhoza kupatsira dalaivala wa minibasi kachikwamako, angowauza siteji. Komiti inagamula kuti akufuna kudziwa kumene mudzi umagona.

Potsiriza anaona chithunzi cha mayiyo pa tsamba lake. Anali mayi wonenepa bwino, wovala yunifolomu ya amayi a mpingo, duku loyera kumutu.

"Chikomekome cha nkuyu," anatero a Mtambalika, "m'kati muli nyerere."

Membala wina anafunsa kuti akanavala buluku zikanatanthauza chiyani. Anamuyankha kuti zikanatanthauza chimodzimodzi, koma mwachangu.

Lachinayi komiti inachita ntchito yake yoteteza dziko. Mai Ferista anatenga chithunzi chija, analembapo CHENJERANI ndi zilembo zofiira, nachitumiza m'magulu onse amene analimo. Pofika masana anthu amene sanamuonepo Felesiya Nyasulu chibadwire anali atakumbukira kuti anawaberapo. Wina anati nkhope imeneyi anaiona kudepoti. Wina anati maso akewo akuchita kuonekeratu. Wina anangolemba kuti Mulungu akuona. Pansi penipeni munthu mmodzi anafunsa kuti, "Nanga ngati akunena zoona?" Anamuyankha anthu makumi atatu, ndipo sanafunsenso.

M'mudzimo nkhani inali itapsa kale. Ankati a Welosi anagulitsa mphete, anamwera, kenako anapangana ndi mayiyo kuti aoneke ngati anataya. Mmisiri wokhoma zidebe anadzipereka kupinda mphete ziwiri za waya, n'kunena kuti patali palibe angazindikire. Sungeni anadzitsekera m'nyumba. Mai Edina anasiya kuyankha moni wa achimwene awo.

Lachisanu m'mawa a Welosi anakwera chulu. Komiti inali pabenchi, ndipo anthu obwera kuchigayo anatula matumba awo kuti aone. A Welosi anali atalemba nambala ija pachikhatho ndi bolopeni.

"A Kamtedza," anachenjeza a Mtambalika, "mukaimba, komiti yasamba m'manja."

"Sambani, a Tcheya. Madzi alipo."

Anaimba. Kafoni kawo kanali kaphokoso, moti chulu chonse chinkamva mbali zonse ziwiri.

"Halo? Ngati mukufuna kunditukwana, dikirani kaye, ndili ndi kasitomala."

"Ayi amayi. Ndine mwini kachikwama."

"Ndinu wachisanu ndi chiwiri. Muli chiyani m'kathumba kam'mbali?"

A Welosi anayang'ana anthu. Mlongo wawo anali ataima pafupi ndi chigayo, manja m'chiuno.

"Muli chitsekerero cha botolo la mowa."

Chulu chinaphulika ndi kuseka. "Wavomera!" anakuwa wina. "Waulula yekha!" Mai Ferista anayamba kulemba.

A Welosi anakweza mawu, osati kwa mayiyo yekha. "Ndi cha botolo lomaliza limene ndinamwa, zaka zinayi zapitazo. Ndimayenda nacho. Ludzu likandigwira ndimachifinya m'manja mpaka chindipweteke. Ndinachiboola pakati ndi msomali."

Kenako mayi uja anati, "Bowo lilipo. Bambo, ndiuzeni pokwerera. Dalaivala sindimupatsanso, ndibwera ndekha. Ndikufuna ndione nkhope za anthu amene andisandutsa mbava."

A Welosi anawauza siteji, mlatho ndi mtengo wa mango wokhotera, pamaso pa komiti yonse. A Mtambalika analangiza anthu kuti amangirire mbuzi zawo.

Loweruka, dzuwa litangokwera, kabaza anaima pakhomo pa Mai Edina, ndipo panatsika mayi wa pachithunzi uja, wopanda zilembo zofiira. Anamasula mfundo ya chitenje natulutsa kachikwama kofiirira.

"A Welosi ndi ati?"

A Welosi analandira ndi manja awiri, koma a Mtambalika anatambasula dzanja. Komiti inayenera kuyamba yaona. Mphetezo anaziluma, anazikanda pamwala, anaziyandikiza maginito a m'wailesi yakale. Zinapirira zonse. Chitsekerero chija anachiyang'ana padzuwa, ndipo bowo linalipo.

Ali pakati pa kafukufukuyu, tambala analira mwamphamvu m'chikwama cha mlendoyo, mpaka anthu anayang'ana pansi. Popeza nyumba ya Mai Edina inali kuphazi kwa chulu, netiweki inkafikako mwa apo ndi apo. Mai Nyasulu anatulutsa foni yaikulu yopalasa ndi chala.

"Pepani, ndi mwana wanga kumsika. Kumsika kuli phokoso, nyimbo sindimva. Tambala yekha ndiye amandidzutsa." Anayankha mwachidule, nabwezera foni. "Tsono amene anajambula nkhope yanga ndi zofiira uja ndi uti? Ndimupatse moni."

Mai Ferista anachita chidwi kwambiri ndi mitambo.

"Amayi," anatero a Mtambalika, "tinene zoona, tonse ndife akulu. Mukufuna chiyani kwenikweni?"

"Madzi akumwa. Fumbi la kwanu kuno ndi lambiri."

"Mwasiya malonda tsiku la msika, mwakwera maminibasi awiri, chifukwa cha anthu osawadziwa. Zimenezi zili ndi phindu lanji?"

"Bambo, mphetezi si zanga."

A Mtambalika anayembekezera kuti apitirize. Mayiyo sanapitirize. Anali atamaliza. A Mtambalika anatembenukira mlembi wawo nanong'oneza kuti alembe kuti wokayikiridwayo wakana kufotokoza.

Mai Edina anagwada pamaso pa achimwene awo, zimene sanachitepo chikulireni. "Achimwene, ndinalakwa."

"Dzukani, achemwali, mudetsa chitenje cha ukwati."

Ukwati unachitika. Mphete zinalowa m'zala za akwati popanda vuto. Masana Mai Nyasulu anakwera chulu kukafunsa mwana wawo za malonda, ndipo ali pomwepo amayi a kuchikazi anawapeza, nawagwira manja uku ndi uku kuti mlendo wolemekezeka sangachoke osavina. Anasiya foni pabenchi la komiti, natsika akuseka. Anavina mpaka wa kabaza anabwera akukuwa kuti minibasi yomaliza inyamuka. Anachoka atanyamula nkhuku yamoyo, mphatso ya Mai Edina, ndipo za foni anakumbukira atawoloka mlatho.

Lolemba komiti inakhala pachulu dzuwa lili paliwombo, anthu atadzaza mpaka kuchigayo. Nkhani zinali ziwiri. Yoyamba inali mlandu wa a Welosi Kamtedza, woimbira nambala yachilendo komanso kuulula njira ya kumudzi. Yachiwiri inali uthenga umene unangolowa kumene, ndipo Mai Ferista anauwerenga:

"Ndine Felesiya uja, ndabwereka foni ya mwana wanga. Yanga ndinaiiwala pabenchi la pachulu. Muli manambala onse a makasitomala anga. Amene waitola, chonde andithandize."

Panali bata la mtundu wake, bata la anthu amene akudziwa mwambo wa kwawo. A Mtambalika anaimirira, anakoka jekete lawo kutsogolo, nalankhula ngati munthu amene ulosi wake wakwaniritsidwa.

"Ndinanena ine. Nyambo imayamba, mbedza imabwera pambuyo. Anatipatsa mphete kuti lero atinamizire foni. Choyamba, uthengawu wachokera pa nambala yachilendo. Chachiwiri, m'mudzi muno simutayika kanthu. Mlembi, lembani yankho." Anayang'ana kumwamba posankha mawu. "Komiti yamva dandaulo lanu ndi chisoni chachikulu. Komiti ikukulangizani kuti mtsogolo muno musamakhulupirire anthu osawadziwa."

Anthu anawomba m'manja.

"Komabe," anapitiriza a Mtambalika, "ngati foniyo inalipodi, ndipo ngati inasowadi, komiti sifufuza patali. Galu amene anazolowera kuba mazira sasiya chifukwa chovala tayi tsiku limodzi. Pali munthu pano amene ankadziwana ndi mayiyu. Pali munthu pano amene amayenda ndi zitsekerero m'thumba. Sinditchula dzina."

Maso onse anatchula dzinalo. Mai Edina anatsegula pakamwa, koma a Welosi anawagwira mkono. Anaimirira, anapisa dzanja m'thumba, natulutsa kafoni kawo kakale.

"A Tcheya, mlandu woyambawo ndikuuvomera. Nambala yachilendo ndinaimbadi. Ndiponso ndinaisunga. Ena onse anaifufuta, m'mudzi monse muno ndine ndekha ndili nayo."

"Mwamva? Wavomeranso."

"Ndiye poti ndalakwa kale, ndiloleni ndilakwenso kamodzi."

Anadina batani, nakweza kafoniko m'mwamba kumene netiweki inkagwira bwino.

Tambala analira. Analira mwamphamvu, masana dzuwa likuswa mtengo, kuchokera m'thumba la m'kati la jekete la Wapampando wa Komiti Yaikulu Yoona za Kusapusitsidwa kwa Anthu ndi Ziweto. Dzanja la a Mtambalika linapita pachifuwa, linafinya apa, linafinya apo, kufunafuna batani pa chinthu chopanda mabatani. Tambala analiranso kachiwiri, kenako kachitatu.

"A Tcheya," anatero a Welosi mwaulemu, "foni ikulira."

A Mtambalika anachotsa dzanja pachifuwa, anakonza magalasi, nayang'ana anthu awo ndi nkhope ya munthu amene sanaphwanyepo lamulo.

"Ndaimva," anatero. "Nambala yachilendo sitiyankha."